Za Umoyo Pabanja: Cadmium ndi Ubongo wa Mwana

Lero tiyamba ndi zimene tinaona ndi maso athu.

Tsiku lina m'mamawa, asodzi atangokocheza kuchokera ku usipa, tinaima pa doko kudikira kuti tigule ndiwo. Pafupi ndi thandala loyanikapo nsomba panakhala mayi wina woyembekezera akusankha usipa m'beseni. Kamwana kawo ka zaka ngati ziwiri kanali pamchenga, kakutafuna kabatire kakale kong'ambika komwe kanatola pa dzala. Chapatali pang'ono bambo a mwanayo, otopa ndi ntchito ya usiku wonse, ankasuta ndudu, utsi uli tolotolo kulowera kwa akazi awo. Tinamulanda mwanayo kabatireko, iye n'kuyamba kulira. Mayi aja anaseka nati, "Ingomusiyani, ana onse amatero." Titakapukuta kabatire kaja tinaona zilembo zinayi pambali pake: Ni-Cd.

Zilembo ziwiri zomalizazo ndi chidule cha dzina loti cadmium. M'mawa umenewo chiphe chimodzi chinafika pa banja lija m'njira ziwiri, mu batire ndi mu utsi wa fodya. Amene anali pa chiopsezo chachikulu ndi ana awiri, wapamchenga uja ndi mnzake wa m'mimba, chifukwa ubongo wawo unali ukupangika kumene. N'chifukwa chake taona kuti ulendo uno tikambirane za chiphe chimenechi.

Kodi cadmium n'chiyani?

Cadmium ndi mtundu wa chitsulo chofewa, chotuwa ngati siliva, choti mungathe kuchidula ndi mpeni. Anachitulukira ndi katswiri wa ku Germany dzina lake Friedrich Stromeyer m'chaka cha 1817. M'nthaka sichipezeka pachokha. Chimakhala chosakanikirana ndi miyala ya zinki ndi mtovu, kotero kuti kulikonse kumene anthu amakumba ndi kuyenga zinki, cadmium amatuluka nawo. Anthu akhala akumugwiritsa ntchito popanga mabatire otchajanso, utoto wachikasu ndi wofiira, pokutira zitsulo kuti zisachite dzimbiri, ndiponso polimbitsa mapulasitiki ena.

Pali zitsulo zina zimene thupi limafuna pang'ono kuti liziyenda bwino, monga ayironi wopanga magazi, zinki wothandiza kukula, ndi kashiamu womanga mafupa. Cadmium alibe ntchito ina iliyonse m'thupi la munthu. Vuto lake lalikulu n'lakuti akalowa satuluka msanga. Amakakhazikika mu impso ndi m'chiwindi, ndipo pamatenga zaka 10 mpaka 30 kuti theka chabe la amene analowayo lichoke. Mtsikana amene akupuma utsi wa fodya m'nyumba ya makolo ake lero adzakhala akadali ndi gawo la cadmium ameneyo pa tsiku limene adzatenge pakati poyamba. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Mu 1993 bungwe loona za khansa pansi pa World Health Organization linaika cadmium m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu.

Phunziro la ku Toyama

Dziko linadziwa kuopsa kwa cadmium kudzera mwa alimi a mpunga a ku Japan. Kumeneko kuli mtsinje wotchedwa Jinzu, womwe umadutsa m'chigawo cha Toyama. Kumtunda kwake kunali mgodi wa zinki ndi mtovu wa Kamioka, ndipo kwa zaka zambiri zotsalira za mgodiwo zinkalowa mu mtsinje. Anthu a kumunsi ankamwa madziwo, kuphikira, ndi kuthirira minda yawo ya mpunga. Mpunga unkayamwa cadmium kuchokera m'nthaka, iwo n'kumadya tsiku ndi tsiku osadziwa kanthu.

Patapita zaka amayi ambiri achikulire, makamaka amene anabereka ana angapo, anayamba kumva ululu woopsa m'chiuno ndi m'miyendo. Impso zawo zinaonongeka, mafupa n'kufewa, mwakuti ena ankathyoka nthiti pongokhosomola. Matendawa anawatcha itai-itai, kutengera kulira kwa odwalawo, chifukwa m'chinenero chawo mawuwa amatanthauza kuti "kuwawa, kuwawa". Dokotala wa m'deralo, Noboru Hagino, ndiye analimbikira kufufuza gwero lake. Boma la Japan linavomereza mu 1968 kuti choyambitsa ndi cadmium wochokera ku mgodi. Odwala anapambana mlandu m'khoti mu 1971, ndipo chigamulocho chinatsimikizidwa mu 1972. Ntchito yochotsa dothi loipitsidwa m'minda ya mahekitala 863 inayamba mu 1979 n'kudzatha mu 2012.

Tisaiwale amene anavutika kwambiri pa nkhaniyi. Anali amayi, ndipo chifukwa chake tichiona posachedwa. Ku Toyama madokotala anaona zimene cadmium wochuluka amachita pa impso ndi mafupa a akuluakulu. Funso limene linabwera pambuyo pake ndi lakuti, nanga cadmium wochepa, amene sagoneka munthu pamphasa, amachita chiyani pa ubongo wa mwana?

Mmene ubongo umapangikira

Thupi lathu linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono tamoyo, tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. Ubongo wa munthu wamkulu uli ndi maselo a minyewa pafupifupi 86 biliyoni. Ntchito yowapanga imayamba msanga kwambiri. Pofika masiku 28 chitengere pakati, pamene amayi ambiri amakhala asanadziwe n'komwe kuti aima, kamwanako kamakhala katapanga kale kachubu komwe kadzasanduke ubongo ndi minyewa ya m'kati mwa fupa la msana. Pa nyengo imene ntchitoyi imafika pachimake, maselo atsopano okwana pafupifupi 250,000 amabadwa pa miniti imodzi.

Ife a kunyanja timadziwa kuluka ndi kusoka ukonde, choncho tiyerekeze ndi zimenezo. Selo lililonse likabadwa limayenda kuchoka pamene labadwira kupita pamalo ake enieni mu ubongo. Likafika limatulutsa tinthambi tonga ulusi, ndipo tinthambito timakakumana ndi ta maselo ena n'kumanga mfundo. Selo limodzi limatha kumanga mfundo zikwizikwi. Uthenga wonse wa mu ubongo umadutsa pa mfundo zimenezi. Kuona, kumva, kulankhula, kukumbukira ndi kuwerengera, zonse zimadalira kuti ulusi ufike pamene uyenera kufika ndiponso kuti mfundo zigwire.

Ntchito imeneyi siithera m'mimba. Mwana akamabadwa ubongo wake umakhala gawo limodzi mwa magawo anayi a ubongo wa munthu wamkulu, koma pofika zaka 5 umakhala utafika magawo 9 mwa 10. Khungu likachekeka limamera lina, chiwindi nachonso chimadzikonza, koma maselo ambiri a ubongo akafa sabwezeretsedwa. Ndipo ntchito iliyonse ili ndi nthawi yake. Mfundo imene sinamangidwe pa nyengo yake n'kovuta kudzaimanga bwino pambuyo. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Mmene cadmium amasokonezera ntchitoyi

Akatswiri amatha kulera maselo a minyewa ya munthu m'timbale ta mu labotale, kuphatikizapo maselo aang'ono amene sanakhwime, n'kumawayang'ana ndi makina okulitsa zinthu pamene akukula. Akathira cadmium m'madzi amene maselowo akukuliramo, amaona zinthu zingapo, ndipo gwero la zambiri mwa izo ndi limodzi. Cadmium ndi wonamizira. Kukula kwake n'kofanana kwambiri ndi kwa kashiamu, ndipo khalidwe lake likufanana ndi la zinki. Ali ngati ndalama yachinyengo imene wogulitsa amailandira osaizindikira, koma akapita nayo kokaoda katundu siigula kanthu.

Choyamba, selo la minyewa lili ndi timakomo tolowera kashiamu, ndipo kashiamuyo ndi amene amaliuza selo nthawi yotulutsa nthambi ndi nthawi yotumiza uthenga. Cadmium amatha kutseka timakomoti, kapena kulowerapo yekha n'kusokoneza malangizo a m'kati. Zotsatira zake, tinthambi timakhala tatifupi ndiponso tochepa.

Chachiwiri, maselo amagwirana pogwiritsa ntchito zomatira zachilengedwe zimene zimadalira kashiamu kuti zilimbe. Cadmium akakhala pamalo a kashiamu, zomatirazo zimafooka. Selo limene likuyenda kupita pamalo ake limadalira kugwirana kumeneku, monga mmene munthu wotsika phiri amadalirira mizu ndi miyala yogwira.

Chachitatu, m'thupi muli mapuloteni ambirimbiri amene amagwira ntchito pokhapokha akakhala ndi zinki, ndipo ena mwa iwo ndi amene amakonza zolakwika mu malangizo a chibadwa a selo. Cadmium amakankha zinki n'kukhala pampando wake, ntchito yokonzayo n'kuima.

Chachinayi, m'selo lililonse muli tizigawo topanga mphamvu, tonga mbaula za selo. Cadmium amationonga, ndipo timayamba kutulutsa zinthu zowononga zomwe zimadya selo monga dzimbiri limadyera malata. Selo lili ndi zodzitetezera zake, koma cadmium amazimaliza msanga. Zinthu zikafika poipa, selo limadzipha lokha. Kudzipha kwa maselo kumachitika ndithu mwachilengedwe pamene ubongo ukudulira zosafunika, koma cadmium amakuyambitsa pa nthawi yolakwika ndiponso pa maselo ofunika.

Tinene poyera kuti m'timbale ta mu labotale nthawi zambiri amathiramo cadmium wochuluka kuposa amene amafika mu ubongo wa mwana wa m'mudzi. Phindu la ntchitoyi n'lakuti imatisonyeza njira imene chiphechi chimadzera. Pa makoswe zaonekanso kuti ana obadwa kwa mayi amene anapatsidwa cadmium ali ndi bere amasintha pa kayendedwe ndi kaphunziridwe kawo.

Kodi amafika bwanji kwa mwana?

Thupi lili ndi alonda awiri. Woyamba ndi nsengwa, imene imalumikiza mayi ndi mwana m'chiberekero. Nsengwa imagwira cadmium wambiri n'kumusunga, mwakuti m'magazi a pa mchombo wa khanda mumapezeka wochepa kuposa m'magazi a mayi. Komabe wina amadutsa ndithu. Komanso nsengwa imene yadzaza cadmium imavutika kupereka zinki kwa mwana, pamene zinki ndi mmodzi mwa amisiri omanga ubongo. Choncho mwana amatha kupwetekedwa ngakhale chiphecho chitakhalira panjira.

Mlonda wachiwiri ndi mpanda wa m'mitsempha ya magazi ya mu ubongo, womwe umasefa zimene zingalowe. Mwa munthu wamkulu mpandawu umatsekereza cadmium wambiri. Pa nyama zongobadwa kumene zapezeka kuti cadmium amalowa mu ubongo mosavuta kusiyana ndi pa zazikulu. N'chifukwa chake nyengo ya m'mimba ndi ya ukhanda ndi imene tiyenera kuisamala koposa.

Tsopano tibwerere kwa amayi a ku Toyama. M'matumbo muli khomo lolowera ayironi wa m'zakudya, ndipo cadmium amalowera pa khomo lomwelo. Munthu amene ali ndi ayironi wokwanira khomoli limakhala lotsekako, ndipo mwa magawo 100 a cadmium wa m'chakudya, magawo pafupifupi 5 okha ndi amene amalowa m'magazi. Koma thupi likaperewera ayironi limatsegula khomoli kwambiri pofunafuna ayironiyo, cadmium naye n'kulowa wochuluka kuwirikiza kangapo. Amayi amataya magazi mwezi ndi mwezi ndiponso pobereka, ndipo pakati pamafuna ayironi wambiri. Ichi ndiye chifukwa chake amayi amapezeka ndi cadmium wochuluka m'thupi kuposa abambo odya nawo mbale imodzi.

Apa mpamene nkhaniyi yatikhudza ife a m'mbali mwa nyanja. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mayi mmodzi mwa atatu alionse a msinkhu wobereka m'Malawi anali wochepa magazi, ndipo kafukufuku wa zakudya wa nthawi yomweyo anapeza kuti anthu pafupifupi 6 mwa 10 alionse anali operewera zinki. Kwathu kuno likodzo ndi njoka za m'mimba zimatayitsa magazi pang'onopang'ono, malungo nawo n'kuwonjezera. Mayi wotere, ngakhale atadya chakudya chokhala ndi cadmium wochepa, thupi lake limatenga gawo lalikulu.

Zimene anapeza pa ana

Ku Matlab m'dziko la Bangladesh, komwe anthu amadya mpunga tsiku lililonse, akatswiri a Karolinska Institutet ya ku Sweden pamodzi ndi anzawo a m'dzikomo anayeza cadmium mu mkodzo wa amayi oyembekezera, n'kutsatira ana awo mpaka atakwana zaka 5. Zotsatira za ana 1,305 zinatuluka mu 2012. Anapeza kuti cadmium wa mayi akawirikiza kawiri, mwana ankatsika ndi pafupifupi mfundo imodzi pa mayeso oyeza nzeru otchedwa IQ, amene munthu wapakatikati amapeza 100. M'chaka chomwecho ku America, ataunika ana oposa 2,000 a zaka 6 mpaka 15, anapeza kuti ana amene anali ndi cadmium wochuluka mu mkodzo ankapezeka kwambiri m'gulu la ovutika kuphunzira, pafupifupi katatu poyerekeza ndi amene anali ndi wochepa. Kafukufuku wina m'mayiko ena wapeza kusiyana kocheperapo.

Wina anganene kuti mfundo imodzi si kanthu. N'zoona, pa mwana mmodzi simungaione. Koma mwana wa kwathu salimbana ndi cadmium yekha. Alinso ndi malungo, kunyentchera, kuchepa magazi, mwinanso kalasi ya ana 100 ndi mphunzitsi mmodzi. Chilichonse chimachotsapo kake. Mwa zonsezi, cadmium ndi chimodzi mwa zimene banja lingathe kuchepetsa popanda kutulutsa ndalama.

Makomo olowera pakhomo pathu

Khomo lalikulu ndi fodya. Mbewu ya fodya imayamwa cadmium m'nthaka n'kumuunjika m'masamba kuposa mbewu zambiri. Ndudu imodzi imakhala ndi cadmium wokwana maikulogalamu 1 mpaka 2, ndipo maikulogalamu imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a galamu. Zikuoneka zochepa, koma mapapo sasefa ngati matumbo. Mwa cadmium amene wafika m'mapapo, wokwana mpaka theka amatha kulowa m'magazi. Osuta amakhala ndi cadmium m'magazi wochuluka kanayi kapena kasanu kuposa osasuta. Utsi wotuluka kunsonga kwa ndudu nawonso uli naye, ndipo ndi umene mayi ndi ana amapuma. Ana obadwa kwa amayi osuta amalemera mochepa ndi magalamu pafupifupi 200, chifukwa cha cadmium pamodzi ndi ziphe zina za mu utsi. Chingambwe sichiposa ndudu ya m'sitolo pa ubwino, pakuti tsamba lake ndi lomwelo. Fodya wa pamphuno ndi woika kukamwa, amene agogo ena amaphunzitsa atsikana pofuna kuletsa nseru kapena kuwawa kwa dzino, nayenso ndi tsamba lomwelo.

Khomo lachiwiri ndi mabatire ndi zinyalala. Mabatire olembedwa Ni-Cd kapena Cd ndi otchajanso, ndipo amapezeka m'matochi ena akale, nyali zina zotchaja, ndi zida zakale za amisiri. Mayiko a ku Ulaya anayamba kuwaletsa ndi lamulo la 2006, koma akale akadali m'madzala ndi m'katundu wa kaunjika. Batire likakhala lotseka silitulutsa cadmium. Choopsa ndi kuliphwanya kapena kuliotcha. Utsi wake umapita m'mapapo, ndipo phulusa lake timakalithira kudimba ngati manyowa, masamba n'kuyamwa. Mabatire a galimoto ndi a njinga yamoto amene asodzi ambiri amayatsira magetsi panyanja ali ndi mtovu, womwe ndi mdani wina woopsa wa ubongo wa mwana, choncho nawonso asamaswedwe pakhomo.

Khomo lachitatu ndi tinthu tonyezimira totsika mtengo. Mu 2010 ku America atayeza ndolo, zibangili ndi timaunyolo ta ana, anapeza tina tokhala ndi cadmium woposa magawo 80 mwa 100 a kulemera kwake. M'chaka chomwecho kampani ya McDonald's inaitanitsanso matambula 12 miliyoni chifukwa cha cadmium wa mu utoto wake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pakhungu cadmium salowa kwenikweni, koma mwana amayamwa chilichonse chimene chili pakhosi pake kapena pa dzanja la mayi ake.

Khomo lachinayi ndi nthaka. Feteleza wa fosifeti amakhala ndi cadmium wochepa kapena wochulukirapo kutengera kumene miyala yake inakumbidwa, ndipo mbewu zimayamwa wambiri pa nthaka yowawasa. Madera a migodi ndiwo ali pa vuto lalikulu. Ku Kabwe m'dziko la Zambia mgodi wa mtovu ndi zinki unatsekedwa mu 1994, koma ana a pafupi ndi mgodiwo apezeka ndi mtovu wochuluka pamodzi ndi cadmium m'matupi awo zaka zambiri pambuyo pake. Amene tili ndi abale okhala pafupi ndi migodi tiwatsine khutu. Apa titchulenso chizolowezi chodya dothi pa nthawi ya pakati. Chilakolako chimenechi kawirikawiri chimayenda ndi kuperewera kwa ayironi, ndipo dothilo limatha kukhala ndi zitsulo zoopsa ndi mazira a njoka za m'mimba.

Tisachite mantha ndi mpunga kapena nsomba. Mpunga wa ku Toyama unaipa chifukwa cha mgodi. Mnofu wa nsomba sukhala ndi cadmium wambiri, ndipo monga tionere, nsomba zathu ndi chishango.

Zoti tichite

Abambo, gawo loyamba ndi lathu. Chabwino koposa n'kusiyiratu fodya. Ngati nkhondoyo sinathe, tisasute m'nyumba, pakhonde pamene pali ana, kapena pafupi ndi mayi woyembekezera. Kutsegula zenera sikukwanira. Mlendo wosuta timuuze mwaulemu kuti akasutire kuseri, ndipo mlendo wanzeru sadandaula.

Amayi, yambani sikelo mukangozindikira kuti mwaima, osadikira kuti mimba ioneke. Mapiritsi owonjezera magazi amene amakupatsani kusikelo muzimwa tsiku lililonse monga akuuzirani. Ambiri amawasiya chifukwa cha nseru kapena chifukwa chimbudzi chimada. Kuda kwa chimbudzi si matenda, ndipo nseru imachepa mukamwa mapiritsiwo mutadya kapena pogona. Ena amanena kuti mapiritsiwa amakulitsa mwana mpaka kuvuta kubereka, koma zimenezo n'zabodza. Gonani m'masikito, landirani mankhwala oteteza ku malungo ndi a njoka za m'mimba, ndipo mukaona magazi mu mkodzo kauzeni achipatala. Mukamalakalaka dothi, musabise, nenani kusikelo kuti akuyezeni magazi.

Pa chakudya, ife a kunyanja tili ndi mwayi umene ena alibe. Usipa, bonya, utaka ndi matemba zikadyedwa zathunthu, mutu ndi minga yomwe, zimapereka ayironi, zinki ndi kashiamu, zitatu zomwe zija zimene cadmium amalimbirana nazo malo. Tisagulitse usipa wonse kwa ogula a m'tauni n'kusiya mayi woyembekezera akudyera nsima ndi therere lokha. Onjezerani nyemba, khobwe, nsinjiro, mazira, bonongwe, chisoso ndi nkhwani. Chipatso chowawasa monga ndimu, lalanje, bwemba kapena malambe chimathandiza ayironi wa m'masamba ndi nyemba kulowa m'thupi, pamene tiyi womwera pa chakudya amamutsekereza. Tiyi adikire ola limodzi kapena awiri. Impso za ziweto zokalamba ndi kumene cadmium amaunjikana, monga mwa anthu, choncho mayi woyembekezera ndi ana asazidye kawirikawiri. Masamba atsukidwe bwino kuchotsa dothi, ndipo ana asambe m'manja asanadye.

Mayi woyamwitsa apitirize kuyamwitsa mosakayika. Cadmium amene amadutsa mu mkaka wa m'mawere ndi wochepa kwambiri, ndipo mkakawo ndi chakudya chopambana cha ubongo wa khanda.

Mabatire otha tiwasonkhanitse m'chitini chotseka, tiike pamalo ouma pomwe ana sangafike. Asapite pamoto, m'chitsime, kudimba kapena m'nyanja. Phulusa la nkhuni n'labwino kumunda, koma la pa dzala pomwe tinaotchera mapulasitiki, mawaya ndi mabatire lisayandikire ndiwo zamasamba. Tisawambe nsomba kapena kuotcha kanyenya pa mashelufu a mafiriji akale, chifukwa ena anakutidwa ndi cadmium ndipo anthu anadwalapo ndi zimenezi. Thobwa ndi madzi a malambe kapena bwemba tisasunge mu ndowa za malata, pakuti zowawasa zimasungunula chokutira cha ndowayo. Amene timagwira ntchito yowotcherera zitsulo tizigwirira pamalo opita mphepo, ndipo tisinthe zovala ndi kusamba tisananyamule mwana.

Pomaliza, chenjezo. Palibe mankhwala otsimikizika ochotsa cadmium amene wakhazikika kale mu impso. Wogulitsa mankhwala pamsika kapena pa foni akakuuzani kuti ali ndi botolo lotsuka ziphe zonse m'thupi, sungani ndalama yanu mukagulire ndiwo. Mayi woyembekezera asamwe n'komwe zoterozo.

Kwa makolo a mwana wochedwa

Tikudziwa kuti ena mukuwerenga muli ndi mwana amene anachedwa kulankhula kapena akubwereza kalasi, ndipo mtima wayamba kukutsutsani. Musadziimbe mlandu, ndiponso apongozi asaloze chala mkamwini kapena mtengwa. Zochedwetsa mwana n'zambiri, monga malungo a mu ubongo, kubanika pobadwa, kusowa ayodini, kunyentchera, ngakhale kusamva bwino kumene makolo sanakuzindikire. Pitani naye kuchipatala akamuone. Ubongo wa mwana umapitiriza kumanga mfundo zatsopano akamalankhulidwa, kuimbiridwa, kusimbiridwa nthano ndi kuseweretsedwa, ndipo zimenezi agogo, azakhali ndi abale ake angathe kumuchitira tsiku lililonse.

Mayi a pa doko aja tinacheza nawo kanthawi, ndipo kabatire kaja tinakatenga. Amuna awo anamvetsera ali chete, kenaka anazimitsa ndudu yawo pamchenga n'kuiika kukhutu, nati akaimaliza kubwato. Sikusiya fodya kumeneko, koma utsi unachoka pamaso pa mayi ndi ana. Alangizi, azamba ndi atsogoleri a pa madoko, tithandizeni kufikitsa uthengawu kwa amene sawerenga tsamba lino. Wakutsina khutu ndi mnansi.